Fumbi la mu Siling'i

Ahedi anaiponya ovolosi ija patebulo, pakati pa makapu, ndipo fumbi lotuwa linauluka n'kukatera mu shuga.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Telala anaiyang'ana ovolosiyo osaigwira. Anali ataibisa kuseri kwa makina ake osokera, pansi pa mulu wa zidutswa za nsalu, koma Ahedi, mphunzitsi wamkulu, anali munthu woti watha zaka makumi awiri akupisa m'zikwama za ana asukulu. Chinthu chobisika ankachimva fungo adakali pakhomo.

"Ndi ovolosi ya alongo anu," anayankha Telala.

"Ndikuiona kuti ndi ovolosi, maso ndili nawo. Ndikufunsa fumbili. Munthu anasiya ntchito kalekale, fumbi lake likhale la dzulodzulo chonchi? Nunkhizani. Nunkhizani, alamu! Zitosi za mileme izi."

Linali tsiku lachinayi chiikireni maliro. Olira anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa, ndipo m'nyumbamo munatsala anthu atatu: Telala, mkazi wa malemuyo, mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amene aliyense ankamutcha Nesi, ndi Ahedi, mlongo wamkulu wa malemuyo, amene sankaoneka kuti ali ndi maganizo obwerera kwawo asanapeze woti amuloze chala.

Malemuyo anthu ankangomuti Mmisiri, chifukwa madenga ndi masiling'i a theka la dera lawo anakhoma ndi iyeyo. Impso zake zitasiya kugwira ntchito, anakhala zaka ziwiri akupita kumakina osefa magazi katatu pa sabata, mpaka Ahedi anagona pabedi la opareshoni n'kumupatsa impso yawo imodzi. Zimenezo palibe angazitsutse, ndipo Telala sanaziiwalepo. Akanaziiwala bwanji, Ahedi akuzikumbutsa pa moni aliyense?

Potuluka m'chipatala, dokotala anawakhazika pansi onse. Anati mapiritsi amene Mmisiri azimwa moyo wake wonse ndi ogoneka chitetezo cha m'thupi, kuti thupi lisalimbane ndi impso yachilendoyo. Koma chitetezo chikagona, tizinthu timene munthu wabwinobwino amangotsokomola n'kuiwala tingamuphe. Fumbi la nyumba zakale ayi. Matabwa ochita chuku ayi. Pamene pali zitosi za mbalame kapena mileme asapondepo. Mwachidule, hamala aipachike.

Patatha chaka ndi theka, dokotala yemweyo anaimirira m'kakhonde ka chipatala atanyamula chithunzi cha mapapo, chodzaza ndi mawanga oyera. Anati chuku chamera m'mapapomo, cha mtundu umene umapezeka m'madenga ovunda, ndipo anafunsa ngati wodwalayo analowapo m'siling'i masabata apitawo. Telala anayang'ana pansi. Ahedi anamuona akuyang'ana pansi, ndipo kuyambira tsiku limenelo anayamba kufunafuna umboni.

"Ine ndinang'ambidwa pamimba kuti mlongo wanga akhale ndi moyo," anatero Ahedi tsopano, akumenya chala patebulo. "Impso yanga ili m'manda ine ndikuyenda. Inu ntchito yanu inali imodzi yokha, kumusunga. Koma ayi, mwaona kuti munthu wayamba kunenepa, mwati pitani mukagwire ntchito, makina osokera sakukwanira."

"Sindinawatume ine."

"Ndiye anadzituma? Inu muli kuti? Mukusoka?"

"Alongo anu sanali mwana woti n'kumumanga mwendo kumpando, alamu. Mukuwadziwa bwino, munawalera ndinu."

"Musandiuze za mlongo wanga. Ine ndinamulera wamoyo."

Nesi anali ataima pakhomo la khitchini, thaulo lopukutira mbale lili m'manja. Sanalire. Chimwalirireni bambo ake nkhope yake inali itangouma, ndipo zimenezo zinkamuopsa Telala kuposa kukuwa kwa Ahedi.

"Amayi," anatero mtsikanayo, "anakwera denga la ndani?"

Telala anatenga chivundikiro n'kuvundikira shuga uja, ngakhale anali ataonongeka kale.

"Amayi, ndikufunsa."

"Sindingakuuze."

Ahedi anawomba m'manja kamodzi, ngati mwana wavomera yekha kuti ndiye anaswa windo. "Wamva wekha, mwana wanga. Longedza zovala zako. Sungakhale m'nyumba imene anthu amabisa imfa pansi pa nsanza. Kwathu chipinda chilipo, sukulu umalizira kumeneko."

Nesi anapachika thaulo pachitseko n'kulowa kuchipinda kwake. Telala anamva chikwama chikukokedwa pansi pa bedi.

Yankho la funso la mwanayo Telala analidziwa. Miyezi iwiri m'mbuyomo Ahedi anapita kukachonga mayeso kwa masabata awiri, n'kusiya makiyi a nyumba yawo ya lendi kwa Telala kuti azikathirira maluwa. Nyumbayo inali yodontha. Zaka zitatu Ahedi akudandaula kwa landilodi kuti siling'i ya kuchipinda yafufuma, yada ndi chuku, mileme ikuchita misonkhano m'mwambamo, landilodi n'kumangoti tiona. Tsiku lina Nesi atangopita kusukulu, Mmisiri anatenga makiyi aja, nati akathirira maluwa ndi iyeyo, akufuna kuongola miyendo. Anabwerako masana atatuwa kuyambira tsitsi mpaka nsapato.

"Mwapenga kodi?" anakuwa Telala tsikulo. "Adokotala anati chiyani?"

"Ndinamanga kansalu kumphuno."

"Kansalu! Imfa ikaona kansalu ibwerere?"

"Mayi a Nesi, tamverani. Ine ndili ndi impso zitatu, ziwiri zakufa, imodzi ya eni ake. Achemwali atsala ndi imodzi, ndipo mvula ikagwa amagona ndi beseni pabedi. Ine ndizigona pouma, tulo n'kubwera?"

"Itanani anzanu akhome."

"Denga la mlongo wanga akhome munthu wina, ine manja ndili nawo? Masiku awiri okha, ndamaliza."

Telala anabisa makiyi. Mwamunayo anali atasiya kale chitseko chakumbuyo chosakhoma, poti mkazi wake ankamudziwa. Masiku awiri aja anasanduka atatu. Anagwetsa siling'i yovundayo yekha, anasesa zitosi za zaka ndi zaka, anamata malata, anakhoma mabolodi atsopano n'kupaka utoto, ndipo tsiku lililonse ankasamba Nesi asanaweruke. Ahedi atabwerako anapita kukathokoza landilodi, ndipo landilodiyo, munthu wopanda manyazi, analandira zikomoyo ndi manja awiri.

Chifuwa chinayamba patatha masabata atatu. Poyamba ankati ndi chimfine, kenako kutentha thupi kosamva mankhwala, kenako kubanika pokwera masitepe atatu a pakhonde. Kuchipatala, tsiku loti mawa lake amwalira, Mmisiri anachotsa chopumira pakamwa n'kumukoka mkazi wake chovala.

"Achemwali asadziwe," anatero. "Akadziwa, muika maliro awiri. Ngakhale mwanayu musamuuze, sangasunge. Lonjezani."

Telala analonjeza. Munthu milomo itada chifukwa chosowa mpweya, ungamukanire chiyani? Koma tsopano, akumva zipi ya chikwama ikutsekedwa, anamukwiyira mwamuna wakeyo kuposa mmene anamukwiyirapo ali moyo. Iye anachita zabwino zakezo n'kupita kukagona, mlandu n'kumusiyira mkazi wake.

Analowa kuchipinda kwa mwanayo. Nesi anali akulonga mabuku m'katoni, osacheuka.

"Yunifolomu ina ili pachingwe, sinaume," anatero Telala.

"Ndidzaitenga."

"Mwana wanga, azakhali ako apsa mtima, akuyankhula ndi chisoni. Iwe sukuyenera..."

"Chaka ndi theka, Amayi." Nesi anatembenuka. "Chaka ndi theka sindinaphonyeko ola la mapiritsi ngakhale kamodzi. Madzi awo akumwa ndinkaphitsa ndine. Anzanga akabwera ndi chimfine ndinkawabweza pageti, mpaka ena anasiya kundiyankhula. Ndinkapukuta mawindo ndi nsalu yonyowa kuti fumbi lisauluke. Inu mukudziwa kuti munthu akukalowa m'siling'i, n'kungokhala duu, madzulo tonse n'kumadya ngati palibe kanthu."

"Ndinawaletsa."

"Mukanandiuza ine! Ine akanandimvera."

Zimenezo zinali zoona, ndipo zinamupweteka Telala chifukwa zinali zoona. Mmisiri ankamuopa mwana wakeyu kuposa madokotala onse.

"Ingondiuzani dzina la munthuyo," anatero Nesi, mawu atatsika. "Ndikufuna ndimuone nkhope munthu amene anaona bambo anga akudwala n'kuwalola kukwera denga lake. Mukandiuza, sindipita."

Telala anayang'ana chitseko. Kubalaza Ahedi anali akusanja mipando ndi phokoso, kuti anthu adziwe kuti akudikira. Mawu atatu okha akanakwanira: la azakhali ako. Mwana akanamasula chikwama, ndipo mayi wa pakamwa uja akanaphunzira kukhala chete kwa moyo wake wonse. Telala anawamva mawuwo akufika pa lilime, anawameza.

"Sindingathe."

"Ndiye kuti azakhali akunena zoona," anatero Nesi, n'kumanga katoni.

Kwa Ahedi kunali ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi. Telala anaumirira kunyamula chikwama, ndipo palibe anamuletsa. Anayenda mondondozana padzuwa la masana, Ahedi patsogolo ndi ambulera, Nesi pakati ndi katoni, iye pambuyo ngati wantchito. Amayi ogulitsa masamba pakona anasiya kucheza atawaona, ndipo Telala anadziwa kuti nkhani inafika kale kumeneko. Makasitomala awiri anali atatumiza ana kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Pofika pageti la Ahedi, mtima wake unali utatopa ndi kukhala munthu wabwino.

M'chipinda cha Ahedi munali fungo la utoto lomwe linali lisanatheretu. Telala anali asanalowemo chikonzereni. Anakweza maso mwangozi, n'kuona siling'i yoyera, yosalala, mizere ya mabolodi itaongoka bwinobwino.

"Iwe uzigona chipinda changa chino, ine ndisamukira chaching'onocho," Ahedi anamuuza Nesi. "Muno ndi mouma, mopanda fumbi. Ndiponso kuno kulibe anthu okankhira odwala kuntchito."

Telala anatula chikwama pansi mwamphamvu.

"Alamu, takhalani pansi. Pali mawu."

"M'nyumba mwanga musandikhazike pansi, alamu. Mawu anu munali nawo nthawi yoti muwanene, munasankha kukhala chete. Panopa ndikulandira mwana wa mlongo wanga."

"Mukufuna kudziwa denga limene anakwera?"

"Ndikufuna kudziwa zambiri, koma osati zimene mwapeka m'njira muno." Ahedi anamufulatira, n'kutsegula katoni ya mabuku. "Bwera kuno, mwana wanga. Mabuku ako aziikidwa apa."

Pakhoma, pafupi ndi bedi, panali shelefu yaitali ya thabwa, yotsika kwambiri, yofika m'chiuno. Pamwamba pake, pamene munthu angafike atatambasula dzanja, pankaoneka timabowo tinayi tomatidwa bwino, pamene shelefuyo inali kale.

"Alandilodi aja ndimawanyoza, koma ulendo uno anandipezera anthu anzeru," anatero Ahedi, akuika mabuku mmodzimmodzi. "Sanangokonza siling'i yokha. Shelefu iyi inali kumwamba uko, ndipo chichitireni opareshoni ija, ndikakweza dzanja lamanzereli, chipsera chimakoka ngati wina wandikola ndi mbedza. Ndabwerako kochonga mayeso ndapeza aitsitsa. Chingwe choyanikira zovala kunjako achitsitsanso. Ndi mbedza ya thaulo kubafa, ndi loko wapamwamba wa chitseko. Ine sindinawauzepo alandilodi za dzanjali. Sindinauzepo munthu, kupatula..."

Buku limene linali m'manja mwawo silinafike pashelefu.

Telala sankadziwa za shelefuyo. Sankadziwa za chingwe, kapena za mbedza ya thaulo. Apa m'pamene anazindikira kumene linapita tsiku lachitatu lija, limene anakangana nalo mwamuna wake mpaka kugona osayankhulana.

Nesi anayandikira, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa thabwalo. Ngodya zake zinali zozungulira, zopalidwa mpaka kusalala, kuti munthu akadzigunda asapweteke. Anagwada n'kusuzumira pansi pake, pamene panali manambala olembedwa ndi pensulo. Kalembedweko ankakadziwa bwino.

"Azakhali," anatero, osadzuka, "alandilodi anakonza liti muno?"

"Nthawi imene ndinali kochonga mayeso."

"Ndiye kuti masabata atatu chifuwa chisanayambe." Mtsikanayo ankadziwa tsiku lililonse la matendawo pamtima. "Makiyi munasiyira ndani?"

Kunja galimoto inadutsa, ndipo galu wa nyumba yoyandikana nayo anaiuwa mpaka inakhota. Ahedi anakweza maso pang'onopang'ono kuyang'ana siling'i, kenako anatembenukira kwa Telala. Nkhope imene masiku anayi onsewa inali yolusa inali itagwa, yaoneka ukalamba wake. Dzanja lawo linapita lokha pambali pa mimba.

"Alamu," anatero. "Alamu, ndiuzeni."

Telala anali atailakalaka mphindi imeneyi njira yonse. Anali atakonza ndi mawu omwe, akuthwa bwino, oti abweze chipongwe chilichonse cha masiku anayi, ndi cha zaka makumi awiri za ukwati wake zomwe. Koma munthu amene anaima patsogolo pake sanalinso Ahedi a chala chomenya patebulo. Anali mayi wa impso imodzi, amene zaka zonse zimene zamutsalira azigona chagada pansi pa mabolodi amenewa.

"Makiyi ndinawapatsa alandilodi ndine," anatero Telala. "Anabwera ndi anyamata awo awiri. Za dzanja lanu ndinawauza ndine, alongo anu anandiuzapo. Denga limene anakwera bambo a Nesi ndi la munthu wina, wakutali, simukumudziwa."

Linali bodza losasokedwa bwino, ulusi uli panja, ndipo onse atatu anauona. Ahedi anatsegula pakamwa kuti atsutse, poti kutsutsa ndiye chinali chizolowezi chawo, koma anangokhala pabedi, buku lija lili pamiyendo.

Nesi anadzuka. Anawayang'ana mayi ake nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni bambo ake maso ake anadzaza misozi. Sanapepese, sanali mwana wodziwa kupepesa. Anatsegula chikwama, anatulutsa mswachi ndi chovala chimodzi chogonera, n'kutsekanso zipi.

"Amayi, chikwamachi bwererani nacho," anatero. "Ine ndigona kuno lero, azakhali asakhale okha. Mawa ndibwera kudzatenga yunifolomu pachingwe, musaichotse."

Telala anagwedeza mutu n'kunyamula chikwamacho. Atafika pakhomo la chipinda anacheuka kuti atsanzike, koma Ahedi sanamuone. Anali atatambasula dzanja lamanzere ali chikhalire pabedipo, n'kuika buku lija pashelefu. Dzanjalo linafika popanda kukweza phewa, ndipo silinachokepo. Linangokhala pathabwapo, likusisita ngodya yosalala ija.